Chifukwa chake chipsera cha mu mtima sichichoka

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene adokotala anenera kuti mtima wa bambo anu watsala ndi chipsera chosachoka mtsempha wa magazi utatsekeka, pomwe bala la pakhungu limapola n'kumera khungu latsopano. Nkhani yagona pa maselo a mnofu wa mtima, amene mwa munthu wamkulu sachulukana kwenikweni. Kafukufuku wa asayansi a ku Karolinska ku Sweden, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti pa zaka 25 selo limodzi lokha pa 100 alionse ndi limene limalowedwa m'malo pachaka, ndipo chiwerengerochi chimatsikabe munthu akamakalamba. Choncho maselo amene afa chifukwa chosowa mpweya sabwereranso, thupi limangoikapo chigamba.

Masiku oyambirira, maselo oyera a m'magazi amakhamukira pamalopo kudzachotsa zakufa. Ena mwa iwo, otchedwa macrophage, amatulutsa puloteni ya TGF-beta, imene imamatirira pa maselo otchedwa fibroblast n'kutumiza uthenga kudzera mwa mapuloteni a Smad2 ndi Smad3 mpaka pakati pa selo, pamene pali majini (genes), malangizo achibadwa oyendetsera selo. Fibroblast ikalandira uthengawu imasanduka myofibroblast, selo lotha kukoka m'mphepete mwa bala, ndipo imayamba kulavula ulusi wa collagen, poyamba wofewa wa mtundu wachitatu, kenaka wolimba wa mtundu woyamba. Puloteni ina yotchedwa lysyl oxidase imamangiriza ulusiwo pamodzi, moti pakatha masabata 6 mpaka 8 chipsera chimakhala chitakhwima.

Chipserachi tisachione ngati mdani, chifukwa popanda icho khoma la mtima likhoza kung'ambika m'masiku oyambirirawo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi choti uthenga wopanga collagen nthawi zambiri sulekera pabala. Mtima ukafooka, thupi limachulutsa timadzi tonyamula uthenga (mahomoni) totchedwa angiotensin II ndi aldosterone, ndipo timeneti timadzutsa ma fibroblast ngakhale m'mbali zimene sizinavulale. Mnofu umauma, mtima umalephera kudzaza magazi bwino, munthu amabanika akakwera kachitunda kapena akagona chagada, mapazi n'kumatupa. Collagen sadutsitsanso mphamvu ya magetsi imene imachititsa mtima kugunda, n'chifukwa chake ena amayamba kugunda mtima mosalongosoka. BP yokwera imene yakhala zaka osaisamala imachitanso zomwezi pang'onopang'ono, ngakhale popanda mtsempha wotsekeka.

Mankhwala monga enalapril ndi spironolactone sachotsa chipsera chakale, koma amatseka njira ya angiotensin II ndi aldosterone kuti chisafalikire. Pa kafukufuku wa RALES wa mu 1999, spironolactone anachepetsa imfa ndi 30 peresenti mwa odwala amene mitima yawo inali itafooka kwambiri. Ngati bambo apatsidwa mankhwala otere, asawasiye ngakhale atapezako bwino, ndipo aziyezetsa impso ndi mchere wa m'magazi wotchedwa potassium nthawi imene adokotala auza, chifukwa mankhwala awiriwa amakweza potassium.