Tiana ta fulu tili m'nyumba, tiyatse babu lanji?

FUNSO: Akulu, mwana wanga akusunga tiana tiwiri ta fulu m'bokosi pabalaza, tili pafupi ndi windo. Kuwala kwa pawindoko sikukwanira kapena tigule babu? Mayi wa ku Kasungu

YANKHO: Mayi, windo lokha ayi ndithu. Galasi limatchinga UVB, mtundu wa kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, ndiye olo m'chipindamo muziwala bwanji fuluyo sakupeza kanthu, chonsecho UVB ndi imene imathandiza thupi lake kupanga vitamini D3 kuti kashiamu alowe m'mafupa. Ikasowa chigoba chimafewa, mukachidina ndi chala chimabonyoka, miyendo n'kumakanika kunyamula thupi.

Mababu ndi osiyana. La LED wamba ndi lowalitsa basi, koma liyikeni, fulu mumdima amangobisala osadya. Lotenthetsa likhale mbali imodzi, pansi pake pafike madigiri 32 mpaka 35, mbali inayo izizireko kuti azithawirako. La UVB lizisinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12 chifukwa mphamvu imatha ngakhale likuyakabe. Maola 12 kuyaka, usiku zimitsani zonse.

Koma kunena zoona dzuwa la Kasungu ndi laulere, ndipo magetsi akazima ilo lilipobe. Muziwatulutsa m'mawa, pakhale mthunzi ndi timadzi m'mbale yosazama, mwana wanuyo akhale pompo poti akhwangwala sachedwa.

Ngati tianato tinatoledwa kutchire, funsani kaye a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire ku Kasungu National Park, kusunga nyama zotere kumafuna chilolezo.