Geti langa lachita mafunde, vuto ndi chitsulo kapena mmisiri?

FUNSO: Akonzi, ndinapangitsa geti kwa owotcherera ena konkuno ku Lilongwe, kutsogolo pleti, kumbuyo anaika timachubu timabokosi timabokosi ngati mabagala kuti lilimbe. Koma pletiyo yachita mafunde, ukaligwedeza limachita phokoso ndipo mbali ya loko yayamba kukhula pansi. La aneba ndi lopepuka kuposa langa koma lili nganganga. Kodi anandiikira chitsulo chafeki? Ndine bambo wa ku Area 25.

YANKHO: Pepani bambo, geti si ndalama yochepa. Koma mmene mwafotokozeramu ine ndikuona kuti chitsulo chilibe mlandu kwenikweni, nkhani ndi kawotchereredwe.

Pleti ya geti imakhala yopyapyala, mwina 1 mm kapena 1.2 mm, pamene chitsulo kuti chisungunuke pamafunika moto wa madigiri pafupifupi 1,500. Ndiye pamalo pomwe rod (kachitsulo kowotcherera kaja) yadutsa pamafutukuka, pakamazizira pamabwerera nkukoka pleti yonse, ndipo ngati mmisiri anangoyenda mzere umodzi wautali osapumira kuti amalize msanga ESCOM isanathimitse magetsi, mafunde mukuwaonawo ndi amenewo. Wodziwa ntchito amayamba wadontheza timadontho togwirizira, apa kamodzi, kenako kudumphira mbali ina, kusiya pazizire kaye, ndipo amatsitsa moto wa mashini nkugwiritsa rod ya 2.5 mm kapena yocheperapo. Ya 3.2 mm pa pleti yotere imangoboola. Zimatenga nthawi inde, nchifukwa chake wotchipa kwambiri sachita zimenezi.

Zoti likukhula pansi ndi nkhani ina. Mabokosi a makona anayi amapendekeka akalemedwa, olo muwachulukitse bwanji mukungoonjezera katundu pa mahinji. Chomwe chimagwira ndi makona atatu, chubu chimodzi chodutsa mopingasa kuchokera pa hinji ya m'munsi kukwera mpaka pa kona ya pamwamba mbali ya loko. Kasuzumireni kumbuyo kwa geti la anebawo, ndikukhulupirira muchipeza. Komanso pleti yopindidwa mizere pa mashini imalimba kuposa yafulati ngakhale kukhuthala kuli chimodzimodzi, ngati mmene migula imalimbitsira malata a IBR.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima ine ndi galainda. Ena akawotcherera amapala mpaka weld yonse kutha kuti pasalale, nkumata fila, penti pamwamba, maso amakondwa koma chogwira chatsala pang'ono zedi. Ndipo ngati chitsulocho ndi cha galvanised, chija chokutidwa ndi zinc kuti chisachite dzimbiri, moto umawotcha zinc yotetezayo, utsi wake woyerawo ndi woipa pachifuwa, ndiye pamalopo pakapanda kupakidwa red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, dzimbirilo limayambira pompo mvula ya Disembala ikangoyamba.

Kwa amene mukufuna geti looneka mkati, funsani expanded mesh. Imeneyo ndi pleti imodzi yochekedwa timipata nkukokedwa, ilibe malumikizo oti angamasuke ngati waya wowotcherera mphambano iliyonse.

Lanulo musalitaye bambo. Pezani mmisiri aliimike bwino ndi jeki, aike chubu chopingasacho ndipo aonenso mahinji ndi mzati ngati sunapendekeke mu konkire. Mafundewo ndi ovuta kuwathetseratu, akakusowetsani mtendere ndi bwino kusintha pleti yokhayo, ndipo muwauze akuitaneni mudzaone kumbuyo kwake asanapake penti.