Funsani Dokotala: Kodi ku Dedza kwabwera udzudzu wachilendo?

Adokotala, ndili ku Bembeke kuno. Mwana wanga wa chaka chimodzi thupi likutentha lero tsiku lachitatu, ndikungomumwetsa Panado. Apongozi akuti kozizira kuno malungo kulibe, ndi mano chabe. Koma udzudzu chaka chino ngwambiri, kapena wabwera mtundu wina? Mayi wodandaula.

Mayi, mwafunsa za udzudzu koma ndikuona kuti mtima uli pa mwanayo, ndiye musadikire mawa, mubereke lero lomwe akamuyeze magazi. Amangobaya kachala, mphindi 20 zotsatira zatuluka, ku chipatala cha boma ndi ulele. Masiku atatu ndi ambiri mayi, Panado amangoziziritsa thupi kachirombo kali phee kuswana m'magazi. Akayamba kukomoka, kukana bere, kusanza chilichonse kapena zikhatho kuyera, thamangani ngakhale usiku.

Apongozi sakunama zonse ayi. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kukazizira kachirombo ka malungo kamachedwa kukhwima mmimba mwa udzudzu. Koma kuchedwa sikusowa, nthawi ya dzinja kumafunda ndithu, madzi ali thithithi m'madambo ndi m'maenje oumbira njerwa, komanso anthu akukwera tsiku ndi tsiku kuchokera ku Mtakataka ndi Golomoti kotentha kuja ali nako kale m'magazi, udzudzu wa kwanu komweko ukaluma iwo kenako mwana wanu basi zatheka. Ndipo mano satenthetsa thupi masiku atatu, izi ndazimva mpaka kutopa nazo.

Za mtundu wachilendozo, udzudzu umasinthadi chibadwa potsata nyengo. Zaka pafupifupi 5,000 zapitazo Sahara atauma, kunali msipu ndi nyanja kumene kuja, udzudzu wa Aedes aegypti kumadzulo kwa Africa unasowa poikira mazira nkuyamba kuswana m'madzi osunga anthu, mpamene unazolowera kuluma munthu. Umenewo ndi wa matenda ena otchedwa dengue koma, osati malungo. Wamalungo kwathu kuno ndi Anopheles yemwe uja wa makolo, kungoti wina monga funestus anayamba kupirira mankhwala ena a m'maneti. Neti muzigonabe, ikakhala yosabooka udzudzu sudutsa.

Mwanayo akapezeka ndi malungo akupatsani mankhwala a LA, kawiri patsiku masiku atatu, muzimuyamwitsa akamwa kuti mankhwala alowe bwino, ndipo amalize yense osati kusungako wina poti wayamba kusewera. Akapanda kupezeka nawo musangobwerera, afuniseni chikutenthetsa thupicho, chibayo kozizira ngati kwanuko sichisowa. Apongoziwo atengeni, akaone okha timizere ta zotsatira pa kachipangizo koyezera magazi.