Suti yobwereka kapena zovala zanu zokukwanani?

Achimwene, mwati mwaitanidwa ku intavyu Lachinayi likudzali pa ntchito ya ukalaliki wa maakaunti, suti mulibe, ndiye mukuganiza zobwereka ya malume anu ngakhale ndi yokukulirani pang'ono. Ndaona ambiri pano akungoyankha kuti "suti basi, ku intavyu sapita opanda suti". Ine ndikusiyana nawo. Ngati sutiyo ndi yaikuludi, isiyeni. Thalauza ndi shati zanu zomwe, zochapa bwino ndi zosita, zikukwanani, zimaposa suti yokhuthukira m'thupi.

Jekete yobwereka imaulula mwini wake pamapewa. Msoko wa phewa uyenera kuthera pomwe phewa lanu lathera. Ukapitirira, mkono wa jekete umagwa n'kuphimba zala, pachifuwa pamatsala mphako, ndipo munthu amaoneka kuti wavala za wina ngakhale asananene. Yesani chonchi: valani jeketeyo, imani chammbali pafupi ndi khoma, kenaka yedzamirani pang'onopang'ono. Ngati phewa la jekete layamba kukhudza khoma n'kupindika mkono wanu usanafike, ndi yaikulu. Telala angathe kufupikitsa manja, kuchepetsa m'chiuno, kupinda miyendo ya thalauza, zonsezi ndi ntchito yaing'ono. Koma mapewa ndi ovuta, pamafunika kumasula pafupifupi jekete yonse, ndipo atelala ambiri amakana kapena amangoiononga.

Tsono muvale chiyani? Funso loyamba si lakuti "anthu amavala chiyani ku intavyu", koma lakuti "anthu a pamalo amenewa amavala chiyani akamagwira ntchito". Mukadziwa zimenezo, inu mukwere sitepe imodzi yokha. Ngati iwo amavala shati yopanda tayi, inu muikepo tayi. Ngati amavala tayi, inu muonjezere jekete ngati ilipo yokukwanani. Ngati amavala jinzi ndi sikipa, inu muvale thalauza wamba labwino ndi shati ya kolala. Mukufuna kuti akakuyang'anani akuoneni ngati munthu amene wayamba kale ntchito pamenepo, pa tsiku limene kukubwera alendo olemekezeka. Kudziwa kwake n'kosavuta. Dutsani pageti pawo m'mawa anthu akamalowa. Onani zithunzi pa tsamba lawo la pa intaneti kapena pa LinkedIn. Kapena ingofunsani amene anakuimbirani foni uja kuti kavalidwe ka pamalopo n'kotani. Palibe chamanyazi, ndipo funso lotere limasonyeza kuti mukukonzekera.

Amene akuti suti ndi lamulo akunena za dziko limene lasintha. Mu 1992 kampani ya Levi's inatumiza kabuku kwa akuluakulu olemba anthu ntchito pafupifupi 25,000 ku America, kowaphunzitsa kavalidwe ka ku ofesi kopanda suti, ndipo n'zachidziwikire kuti inkafuna kugulitsa mathalauza ake. Zinagwira. Ngakhale mabanki akuluakulu, amene ankadziwika ndi suti zakuda, anafewetsa malamulo: JPMorgan Chase mu 2016, Goldman Sachs mu 2019. Koma musathamangire mbali inayo. Achinyamata ena amati Mark Zuckerberg, mwini wa Facebook, ankavala sikipa yagireyi tsiku lililonse, nanga ife tivutikirenji. Iye uja kampani ndi yake, sapempha ntchito kwa munthu. Ndipo mu April 2018, pamene anaitanidwa kukayankha mafunso ku nyumba ya malamulo ya America, anatulukira atavala suti ndi tayi. Tsiku limene ofunsa anali ena, woyankha ali iye, sikipa anaisiya kunyumba.

Ntchito yanuyo ndi ya ndalama za eni ake, ndipo anthu a maakaunti amakonda munthu wooneka wodekha ndi wosamala tinthu ting'onoting'ono. Ine ndikanati thalauza lakuda, labuluu woderako kapena lagireyi, shati yoyera kapena yabuluu wowala ya manja aatali, tayi yopanda zithunzi, lamba ndi nsapato zofanana mtundu. Zatha. Chotsala ndi kavalidwe kake, ndipo m'pamene ambiri amagwera. Nsonga ya tayi ifike pa chitsulo cha lamba, osati pamchombo, osatinso kutsikira pazipi. Mukamanga batani la pakhosi, chala chimodzi kapena ziwiri zizilowa pakati pa kolala ndi khosi. Zikakanika mudzakhala mukukoka kolala nthawi yonse ya mafunso, zikalowa zinayi kolalayo ndi ya munthu wina. M'kati mwa shati yoyera musavale sikipa ya malembo, chifukwa malembowo amaonekera, ndipo wofunsa amayamba kuwerenga pachifuwa panu m'malo momvera yankho. Masokosi akhale akuda ndi aatali, kuti mukakhala pansi thalauza n'kukwera, mwendo usaonekere. Masokosi oyera a masewero asiyeni.

Nsapato ndiye ndidzichedwapo, chifukwa anthu amasita shati kawiri n'kuiwala kumapazi. Nsapato yakale yopolisha bwino ilibe mlandu. Yokhala ndi mlandu ndi ya fumbi, ya chidendene chodyeka mbali imodzi, ya zingwe zothothoka. Wosoka nsapato amakonza chidendene pa kanthawi kochepa, ndipo zingwe zatsopano zimaitsitsimutsa nsapato kuposa mmene mungaganizire. Ikani kansalu m'chikwama koti mukapukutire musanalowe pageti. Ndipo musagule nsapato Lachitatu kuti muvale Lachinayi. Nsapato yatsopano imaluma, ndipo munthu amene chala chikumupweteka saganiza bwino za mafunso.

Jekete ikapezeka yokukwanani, pali tinthu titatu timene sauzana. Batani la m'munsi silimangidwa. Mukamakhala pansi mumamasula lam'mwambalo, mukaimirira n'kumanganso. Ndipo ngati ndi yatsopano, kansalu ka dzina la kampani kosokeredwa kunja pamkono kaja n'kochotsa, pamodzi ndi ulusi wopingasa umene umatseka mng'alu wakumbuyo. Ambiri amakasiya poganiza kuti n'chokongoletsa. Mkono wa shati uzisuzumira pang'ono kunja kwa mkono wa jekete, sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Mwina mukuti zonsezi n'zachabechabe, munthu amalembedwa ntchito ndi nzeru zake. Zikanakhala choncho zikanakoma. Mu 2006 Janine Willis ndi Alexander Todorov a pa yunivesite ya Princeton anaonetsa anthu zithunzi za nkhope za anthu osawadziwa kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, n'kuwafunsa ngati munthuyo akuoneka wokhulupirika kapena wodziwa ntchito. Mayankho awo anafanana kwambiri ndi a anthu amene anapatsidwa nthawi yokwanira yoyang'ana. Kuonjezera nthawi kunkangowalimbitsa mtima pa zimene aganiza kale. Kafukufukuyo anali wa nkhope, osati wa zovala, koma akutiuza mmene mutu wa munthu umathamangira. Mukamatsegula chitseko, ofunsa aja ayamba kale kukuyezani. Nkhope simungaisinthe, kolala mungathe.

Komabe cholinga si kuwadabwitsa. Ofunsa amaona anthu ambiri tsiku limodzi, ndipo madzulo akamakambirana amakumbutsana ndi zizindikiro. "Uja anafotokoza bwino za kuyanjanitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki" ndi chizindikiro chabwino. "Uja wa tayi yonyezimira" kapena "uja wa perefyumu" si chabwino. Ngati atuluka m'chipindamo osakumbuka chimene munavala, mwavala bwino.

Za perefyumuzo ndinenepo. Chipinda cha intavyu nthawi zambiri chimakhala chaching'ono, chitseko chotseka. Mphuno yanu imazolowera fungo lanu pakangopita mphindi zochepa, ndiye mumaona ngati latha n'kuthiranso, pamene anzanu akutsamwa. Ena limawadwalitsa mutu, ena a mphumu limawabanikitsa. Kusamba, mankhwala a m'khwapa ndi shati yochapa n'zokwanira. Fodya musasute mutavala kale zovalazo, ndipo za mowa wa usiku wa Lachitatu musaganizeko n'komwe, chifukwa umatuluka ndi thukuta. Ngati ulendo ndi wautali kapena kukutentha, jekete inyamuleni pamkono, tayi mukamangire komweko. Fikani kudakali mphindi 15 kapena 20, pemphani kolowera kuchimbudzi, pukutani nkhope, dziyang'aneni pagalasi kutsogolo ndi kumbuyo. Ndevu mumete kapena muzidule bwino, zikhadabo muwenge. Manja anu adzakhala patebulo nthawi yonse, ndipo ndi omwe adzapereke masatifiketi.

Achemwali amene mukuwerenga nawo, mfundo ndi yomweyi, kungoti mayeso anu ndi a pampando. Siketi imene ili bwino mutaimirira imakwera mukakhala, ndiye yesani mutakhala pampando kutsogolo kwa galasi. Ngati mukufunika kumaikokera pansi, sankhani ina. Bulauzi ya mabatani muione chammbali ngati sikutseguka pakati pa mabatani, ndipo muione padzuwa, chifukwa nsalu zina zimaonekera m'kati pakawala. Thalauza la ku ofesi, siketi kapena diresi losaonetsa zambiri, zonse zili bwino. Zibangili zolira mukamagwedeza mkono zisiyeni, ndolo zikhale zazing'ono.

Gogoda si lamulo. Mu December 2015 mayi wina wa ku London, Nicola Thorp, anabwezedwa kunyumba osalipidwa pa tsiku lake loyamba ngati wolandira alendo, chifukwa chokana kuvala gogoda monga inkafunira kampani imene inamutumiza kumeneko. Anayambitsa chikalata chodandaula chimene chinasainidwa ndi anthu oposa 150,000, nkhaniyo inakambidwa m'nyumba ya malamulo ya Britain mu 2017, ndipo kampaniyo inali itasintha kale lamulo lake. Mu 2019 kampani ya ndege ya Virgin Atlantic inasiya kukakamiza akazi ogwira ntchito m'ndege kudzola zodzoladzola kumaso. Ngati a m'ndege anamasuka, inu musadzizunze. Nsapato yafulati yotseka kutsogolo, yaukhondo, imene mukuyenda nayo mosatekeseka, ndi yokwana. Tsitsi lanu lachibadwa, loluka kapena lometa silifuna kupepesa kwa munthu, bola likhale losamalidwa ndipo lisamagwere kumaso. Ku California mu 2019 anachita kukhazikitsa lamulo, lotchedwa CROWN Act, loletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha tsitsi lotere, zomwe zikusonyeza kuti tsankholo liliko ndithu. Koma ine ndimati malo amene angakukaneni chifukwa cha tsitsi lanu kapena mpango wa chipembedzo chanu, ndi bwino muwadziwiretu pa intavyu pomwepo kusiyana n'kuwadziwa mutasaina kale.

Si ntchito zonse zimene zili za patebulo. Wokafunsira umakaniki, ntchito ya m'nyumba yosungira katundu kapena ya zomangamanga akavala suti amaoneka ngati sakudziwa kumene wabwera, ndipo angathe kuuzidwa kuti "tiyeni mutionetse" pomwepo. Thalauza lolimba laukhondo, shati ya kolala ndi jombo kapena nsapato yotseka ndiye zake, ovolosi ili m'chikwama. Wa kukhitchini apite ndi zikhadabo zazifupi zosapaka, wopanda mphete zambirimbiri, tsitsi lomanga, chifukwa wofunsayo akuyang'ana ukhondo musanayankhe kalikonse. Kuchipatala n'chimodzimodzi: ku England kuyambira 2007 ogwira odwala amalimbikitsidwa kusavala kanthu kuchokera pachigongono kutsika, wotchi kapena manja aatali, kuti azisamba m'manja bwino. Namwino wobwera ku intavyu ndi zikhadabo zoikirira zazitali wayankha kale funso limodzi molakwa.

Akakusinthirani kuti intavyu ikhale ya pa vidiyo, pa Zoom kapena Teams, zomwe zachuluka kuyambira 2020, valani thupi lonse, osati kumtunda kokha. Mungafunike kuimirira kukatenga chikalata kapena kutseka chitseko. Shati ya timizere ting'onoting'ono tothinana imanjenjemera pa kamera n'kumazunguza maso a woonera, choncho ya mtundu umodzi ndiyo yabwino. Zenera likhale kutsogolo kwanu, likakhala kumbuyo nkhope imada. Foni kapena kompyuta muikweze pa mabuku kuti kamera ilingane ndi maso.

Chovala cha chipani, cha timu ya mpira kapena cha uthenga uliwonse chitsale. Chipewa, magalasi a dzuwa ndi zomvera m'makutu zichoke musanafike pa mlonda, chifukwa mlonda ndi wolandira alendo nawonso amafunsidwa maganizo nthawi zina. Mapepala anu akhale mu fayilo, osati opindidwa m'thumba la kumbuyo. M'matumba musadzaze makiyi ndi machaja, thalauza limafufuma.

Pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ofunsa odziwa ntchito yawo amaung'amba mkuyuwo pa funso lachiwiri. Choncho nkhani ya zovalayi muimalize Lachiwiri. Valani zonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, khalani pampando, kwezani manja, weramani ngati mukutola cholembera. Batani logwedera lisokeni, banga lichapeni, sitani, pachikani. Lachitatu lonse likhale la kuwerenga za kampaniyo ndi kukonzekera mayankho, osati kuthamanga m'misewu kusaka tayi.

Jekete ya malumeyo kaiyeseni pakhoma paja. Mapewa akakwana, manja okha ndi amene atalika, telala angapindire m'kati osadula nsalu, kuti mukabweza adzathe kumasulanso. Koma muyambe mwawapempha malumewo, asadzaone manja afupika pa ukwati wotsatira.