Nkhunzi yoti inawina riboni ku shoo, ndingotumiza ndalama?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene ali pa ganyu ku Joni koma khola lawo lili kwawo ku Mchinji, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: ali ndi ng'ombe zazikazi 14 zachikuda, amayang'anira ndi mng'ono wawo, ndiye munthu wina wawatumizira zithunzi pa WhatsApp za nkhunzi ya mtundu wa Brahman yoyera mbee, akuti inawina pa chionetsero cha zaulimi, akuti imapitirira makilo 900, mtengo wakenso si wamasewera. Funso lawo nlakuti, poti majaji anaisankha kale kuti ndi nambala wani, iwo akufunikanso kuyang'ana chani, angotumiza ndalama basi?

Achimwene, ndalamazo zigwireni kaye. Zithunzi zija ndaziona, nyama ndi yokongola ndithu sindikana, koma zonse zitatu anajambulira m'mbali, itaima chilili, mutu atautukula ndi chingwe. Palibe olo chimodzi chojambulira kumbuyo, palibe vidiyo ikuyenda. Pamenepo ndi pomwe ine ndayambira kukayika.

Jaji ku shoo amaona ng'ombe kwa mphindi zowerengeka, tsiku limodzi, itasambitsidwa ndi shampu, ziboda atazidula bwinobwino, itadyetsedwa madeya ndi keke ya thonje miyezi ingapo mpaka nthiti zonse kubisika. Ndipo majaji enawo ndi anthu odziwa ntchito, sindikuwanyoza ayi, miyendo amayang'ana, msana amayang'ana. Koma iwo amasankha yabwino pa zimene zabwera tsikulo, sakudziwa kuti nkhunziyo ikupita kudambo la kwanu komwe mwezi wa Okutobala msipu umakhala utapsa, madzi ali kutali, nkhupakupa zili mbwee ndipo dibi inasiya kugwira ntchito kalekale. Mafuta amabisa zambiri. Ng'ombe yonenepa kwambiri imaoneka ya msana wowongoka ndi matako odzadza ngakhale minofu yeniyeni ili yochepa, mukaichotsa pa madeya m'pamene mumaona thupi lake lenileni.

Ndikuuzeni zomwe zinachitika kwathu. Amalume anga anagulapo nkhunzi yotere pa famu ina yake, tsiku lomwe inatsika mu lole mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ana kukwera pa mpanda, azimayi kumangoti koma ndiye chinyama. Miyezi itatu isanathe linunda linali litagwera mbali, ziboda zakutsogolo zitatalika ngati masilipasi, ikuyenda monyang'ama ngati yaponda minga. Ng'ombe zikamapita kudambo iyo imatsalira pansi pa mtengo wa mango kumangopuma wefuwefu. Ndiye kunali kankhunzi kena kachikuda ka aneba, kofiira, kosafika olo theka la thupi lake, kameneko ndi komwe kanagwira ntchito yonse chaka chimenecho. Ana atabadwa onse ofiira, ang'onoang'ono, amalume kumangopukusa mutu. Mpaka lero nkhaniyi sitiiyamba iwo ali pompo.

Zoti ziboda zinatalika zija si tsoka. Ng'ombe ikadyetsedwa chakudya cha chimanga chambiri kwa nthawi yaitali m'mimba mumachita asidi, ndipo asidiyo amakaononga mkati mwa ziboda, zimayamba kukula mokhota, zina kuchita mizere yopingasa. Wogulitsa amazidula shoo isanafike, inu nkugula, pakapita miyezi zimabwereranso. Ndiye chinthu choyamba mng'ono wanuyo akapita kukaiona asayambe ndi kusirira linunda, ayambe pansi. Aitulutse mu khola, aiyendetse pa nthaka youma, iye aime kumbuyo. Ng'ombe yoyenda bwino phazi lakumbuyo limaponda pomwe lachoka lakutsogolo, mukhoza kuona ndi maso pa fumbi. Ikamaponda mopelewera, kapena ikamakoka phazi, kapena mawondo akumbuyo akamagundana, pali vuto. Aonenso kuchokera m'mbali ngati mwendo wakumbuyo uli ndi kupindika kwake kwachibadwa. Wowongoka ngati mzati umaoneka bwino pa chithunzi koma ndi woipa zedi, chifukwa nkhunzi ikamakwera thupi lonselo, makilo 900 amenewo, limatsamira pa miyendo iwiri yakumbuyo, ndipo mwendo wowongoka sumachedwa kutupa m'mfundo. Nkhunzi yomva kuwawa miyendo sikwera, imangonunkhiza nkubwerera.

Kenako machende, pepani mawuwa koma pa nkhani ya ziweto palibe kuchitira mwina. Apa ndi pomwe pali ndalama zanu. Akhale awiri, ofanana, olendewera bwino, ogwirika molimba koma osati gwaa ngati mwala, osatinso ofewa ngati tomato wakupsa. Muyezo wake ngosavuta, tepi ya telala yomweyi imakwana, ng'ombe ili mu kreshi, kampanda kopanikiza kaja koti isagwedezeke, mumawakokera pansi pang'ono nkuzunguliza tepi pamene pali potakata kwambiri. Muyezo womwe madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito ku America ndi wakuti nkhunzi ya miyezi 15 isachepere masentimita 30, ya zaka ziwiri kupita mtsogolo isachepere 34. Brahman ndi ng'ombe zina za linunda zimakhwima mochedwerapo ndiye ikakhala yaing'ono mukhoza kuikhululukira pang'ono, koma yanuyi akuti ndi yaikulu kale, ilibe chowiringula. Ndipo si nkhani ya umuna wokha, nkhunzi ya machende aakulu ana ake aakazi amakonda kutha msinkhu msanga, ndiye mukuyeza khola lanu la mtsogolo.

Apa mafuta a ku shoo aja amabweranso. Machende amalendewera kunja chifukwa amafunika kukhala ozizirirapo kusiyana ndi thupi, madigiri angapo. Nkhunzi ikanenepa kwambiri mafuta amadzadza m'khosi mwa thumba lija, kutentha kumakwera, umuna umaonongeka, komanso tepi ija imakunamizani chifukwa mukuyeza mafuta. Umuna watsopano umatenga pafupifupi masiku 60 kuti upangike, ndiye olo nkhunziyo ili bwinobwino, yochokera ku shoo simungaitsitse mu lole lero nkuyembekeza kuti mawa iyambe ntchito, imafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti mafuta atsike pang'onopang'ono, izolowere udzu. Chinthu chomwe maso sangaone ndi umunawo, pamafunika a vetenale aupime pa maikulosikopu, pa mbewu 100 zosachepera 70 zikhale zoumbika bwino. Wogulitsa wa ng'ombe ya mtengo ngati umenewo akakana kupimitsa kapena akayamba zoti ee mukundikayikira, musiyeni. Pomweponso apime brucellosis ndi TB, ndi matenda aja opatsirana pokwerana monga trichomoniasis, chifukwa nkhunzi yoti yadutsa m'makola ena ikhoza kukubweretserani vuto loti zazikazi zizingotaya mabere osadziwa chatsitsa dzaye.

China cha ma Brahman makamaka, chikopa chija cholendewera pamimba pomwe pamatulukira chida. Ena amachikonda chachitali akuti ndiye Brahman yeniyeni, ine ayi. Chikatsika kwambiri, kufika m'munsi mwa mawondo, kutchire kwathu kuli zitsa, minga, udzu wobaya, chimavulala, chimatupa, nyama yamkati imatuluka osabwereranso, nkhunzi yathera pomwepo. Chikhale chachifupi, chothina, choloza kutsogolo. Mano ndi maso angoona mwachangu, mano akutsogolo agundane bwino ndi nkhama yakumwamba, ndipo akauzeni zaka zake, awiri oyamba achikulire amatuluka cha pa zaka ziwiri, onse 8 akakwana ndiye kuti yayandikira zaka zisanu, asakunamizeni kuti ndi kamnyamata.

Mwina muziti ine ndimadana ndi ma shoo. Ayi, ndimapita, ndimasangalala, ndi malo abwino okumanirana ndi alimi nkuona mitundu. Koma mbiri yake imandipangitsa kusamala. Ku America zaka za m'ma 1940 ndi 1950 majaji ankakonda ng'ombe zazifupi, zojintcha, za miyendo ing'onoing'ono, aliyense nkumathamangira nkhunzi zowina, mapeto ake m'makola a ng'ombe za mtundu wa Hereford ndi Angus munayamba kubadwa ana opinimbira osakula, alimi anataya ndalama zambiri kuti achotse mbewu imeneyo. Pofika m'ma 1980 fashoni inatembenuka, kumawina zitalizitali ngati ngamila, zodya kwambiri, zovuta kubereka. Ng'ombe zinali zomwezo, chinkasintha ndi maso a anthu. Komweko ku South Africa komwe muliko kuli mtundu wofiira uja wa Bonsmara, anaupanga Pulofesa Jan Bonsma pa siteshoni ya Mara kuyambira m'ma 1930, magazi ake magawo 5 mwa 8 ndi a ng'ombe za mtundu wa Afrikaner, otsalawo Hereford ndi Shorthorn. Bungwe la alimi a mtundu umenewu salola kupikisana pa shoo, ng'ombe imavomerezedwa ndi sikelo ndi marekodi, kulemera pobadwa, posiya kuyamwa, kubereka kwa mayi wake, kenako oyendera amabwera kudzaona thupi. Ndipo mukamayenda m'mafamu a kumeneko muona nokha kuti zofiirazo zili paliponse, popanda riboni olo imodzi.

Ndiye funsani za mayi wake wa nkhunziyo. Ali ndi zaka zingati, wabereka kangati, amabereka chaka ndi chaka kapena amadumphitsa, amabereka yekha kapena mpaka kukoka ndi chingwe, bere lake la mkaka ndi lotani poti ma Brahman ena amakhala ndi nsonga zikuluzikulu zoti mwana wongobadwa amalephera kuyamwa. Mlimi weniweni akakutengerani kudambo nkukulozerani mayiyo, ngakhalenso ana a nkhunziyo ngati inayamba kale ntchito. Wa bizinesi ya zithunzi angokuonetsani riboni.

Tsopano tibwere ku khola lanu lija, chifukwa ngakhale itapambana zonsezi funso lidakalipo loti kodi ikukwana pamenepo. Zazikazi zathu zachikuda zambiri sizifika makilo 300. Chinthu cha makilo 900 chikakwera msoti wotere mukhoza kuthyola msana, ndipo ikatenga bere mwana amakula kuposa njira, usiku mng'ono wanu ali yekha ndi tochi ya pafoni, a vetenale ali kuboma. Ana 14 aang'onopo amoyo amaposa 6 akuluakulu ndi amayi awiri okwiriridwa. Komanso simunandiuze ngati ng'ombe zanu zimadyera pazokha kapena zimasakanikirana ndi za mudzi wonse. Ngati zimasakanikirana, dziwani kuti mukugulira mudzi nkhunzi, izikakwera za anthu pomwe tinkhunzi ta anthu tikukwera zanu, ngati zija za amalume. Nkhunzi yaikulu bwino imakwanitsa zazikazi 25 mpaka 30 pa nyengo, inu muli ndi 14, ndipo pakatha zaka zitatu ana ake aakazi akhala atakula, mukuyenera kuichotsa kuti isakwere ana ake omwe. Tengani mtengowo, onjezani thiransipoti, pemiti yoyendetsera ziweto, mankhwala a nkhupakupa sabata ndi sabata nthawi ya dzinja, madeya a chilimwe chonse, mugawe ndi ana amene mungapeze pa zaka zitatuzo, muone ngati mwana mmodzi angabweze.

Za nkhupakupa ndisazipeputse. Chigawo chapakati kuli nthenda ya East Coast fever, imabwera ndi nkhupakupa zofiirira zija zokonda m'makutu, zachikuda zobadwira pompo zambiri zinalimbana nayo zili zazing'ono nkupulumuka, koma ng'ombe yachilendo yokulira pa simenti, yopoperedwa mankhwala moyo wake onse, ikhoza kufa pasanathe masabata atatu chiyambire kudwala. Brahman imapirira kutentha ndi nkhupakupa kuposa mitundu ya ku Ulaya, zoona, koma kupirira nkhupakupa ndi kupirira matendawa ndi zinthu ziwiri. Ndiye funsani komwe inakulira, komanso ngati inabayidwa katemera wake.

Ndipo khalidwe. Ku shoo imayenda mofatsa chifukwa anaiphunzitsa chingwe ndipo ili ndi munthu amene inamuzolowera. Kwanuko oweta ndi ana asukulu, mwina wa zaka 12 ali ndi kamkwapulo. Mng'ono wanu akalowe mu khola popanda mwiniwake pafupi aone ngati ikutukula mutu, kupalasa pansi, kumuyang'ana cham'mbali. Yolusa olo akupatseni ulere musatenge, ana akenso amatengera.

Ndikanakhala ine, ndi zazikazi 14 zachikudazo, ndikanafuna nkhunzi ya zaka ziwiri kapena zitatu, ya theka Brahman kapena magawo atatu mwa anayi, yokulira pa udzu m'dera lofanana ndi lanu, yooneka nthiti pang'ono mwezi wa Novembala koma ikuyenda patsogolo pa zinzake. Poti muli m'malire, kutsidya ku Chipata kuli ng'ombe za mtundu wa Angoni zimene ndi abale a zathu zomwezi, za mtundu wa Boran nazonso ku Zambia zimawetedwa, koma kuolotsa ng'ombe malire ndi nkhani ya mapepala a boma mbali zonse ziwiri, osayerekeza njira zamadulira. Ndalama yotsalayo mukonzere kreshi, mugule sipuleya, muunjike mapesi ndi masangwe a mtedza a chilimwe. Ana a nkhunzi imeneyo akadzakula, matupi atakwerapo, m'pamene mungadzaganize za Brahman yeniyeni.

Koma ngati mtima wakakamira pa yoyerayi, chabwino, ndalama ndi zanu. Muuzeni mng'ono wanu apite ndi tepi ya telala ndi mlangizi wa ziweto wa kwanuko, ajambule vidiyo ikuyenda kuchokera kumbuyo ndi m'mbali, ajambule ziboda chapafupi atazitsuka matope, ajambulenso mayi wake, munditumizire pa imelo yomweyi tione limodzi.