Kusankha galimoto yaliwiro yosathyola msana

Kalata imene tikuyankha lero yachokera kwa bambo amene asunga ndalama kwa zaka zingapo ndipo tsopano akufuna galimoto yaliwiro yeniyeni. Akuti amayenda makilomita pafupifupi 40 patsiku, theka la ulendowo ali mumdipiti wa magalimoto. Msewu wawo uli ndi mahampu ndi zigamba, msana umawapweteka akakhala nthawi yaitali, ndipo galimotoyo idzakhala yokhayo pakhomo. Maso awo ali pa Porsche 911 yoyendapo kale, Toyota GR Supra, BMW M2 ndi Chevrolet Corvette. Funso lawo ndi lakuti: pa anayiwa, ndi iti imene ingathamange koma osawatopetsa?

Bambo, magalimoto onse anayiwa amathamanga kuposa mmene mungawathamangitsire pamsewu wa anthu onse. Iliyonse imachoka poima n'kufika makilomita 100 pa ola m'masekondi pafupifupi 5 kapena ocheperapo. Ndiye za mphamvu ya injini tiziike kaye pambali. Zimene zidzachititse kuti pakatha miyezi itatu muziikondabe galimotoyo, kapena muyambe kuiona ngati chilango, ndi matayala, ma shock, giyabokosi, mpando, ndi mpata umene uli pakati pa bampala yakutsogolo ndi msewu.

Tiyambe ndi matayala, chifukwa ambiri amalakwitsira pamenepa. M'mbali mwa tayala mumalembedwa manambala monga 245/35 R20. Nambala yoyamba ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ikunena kutalika kwa khoma la tayala poyerekeza ndi mulifupimo, yachitatu ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Tayala la 245/35 R20 lili ndi khoma la mamilimita 86. La 245/40 R19 lili ndi 98, ndipo la 245/45 R18 lili ndi 110. Matayala atatuwa mukawaimika pamodzi ndi ofanana msinkhu, kusiyana kwake n'kwakuti rimu ikakula, mphira ndi mpweya zimachepa. Khoma limeneli ndilo loyamba kumeza tizigamba ta msewu, ma shock asanayambe n'komwe kugwira ntchito. Likafupika, kugunda kulikonse kumadutsa mpaka kukafika pampando. Kuwonjezera apo, rimu yaikulu imalemera, ndipo gudumu lolemera limavuta kuliletsa kudumpha. Mukagwera m'dzenje ndi khoma la mamilimita 86, tayala limapanikizika pakati pa rimu ndi m'mphepete mwa dzenjelo, ulusi wa mkati umaduka, mawa lake mupeza chotupa m'mbali. Tayala lotero silikonzeka, ndi lotaya.

Choncho sankhani rimu yaing'ono kwambiri imene wopanga amalola pa galimotoyo. Malire ake ndi mabuleki: rimu iyenera kukwana pamwamba pa ma caliper, zitsulo zimene zimapana disiki ya buleki, osakhudza. Marimu akuluakulu amakongoladi galimoto ikaima, koma paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Mtundu wa tayala nawonso ndi nkhani. Michelin Pilot Sport 4S ndi ena ofanana nalo anapangidwira msewu: amagwira pouma ndi ponyowa pomwe. Pilot Sport Cup 2 ndi la kubwalo la mpikisano, mizere yake ndi yosaya, limafuna kutentha kaye kuti ligwire, ndipo pamadzi oima limatsetsereka msanga. Matayala a run-flat, amene amayendabe akaphwa, ali ndi khoma lolimba dala, ndiye amagunda kwambiri. Dziwaninso kuti magalimoto ambiri aliwiro ali ndi matayala akumbuyo aakulu kuposa akutsogolo, moti simungawasinthanitse kuti athe mofanana. Magudumu ake amapendekekera m'kati pang'ono kumtunda kuti agwire pokhota, ndipo zimenezi zimadya m'mphepete mwa m'kati. Tayala likhoza kuoneka labwinobwino kunja pamene m'kati waya watulukira kale. Poyang'ana, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo akumbuyo muwagwadire ndi tochi. Mpweya muziyeza matayala ali ozizira, motsatira kapepala ka pachitseko. Kupopa mopitirira ngakhale ndi 0.3 bar kumamveka pamsana.

Tibwere ku ma shock. Akale amakhala ndi kulimba kumodzi basi, ndipo wopanga amayenera kusankha pakati pa kufewa ndi kugwira pokhota. Amakono amasintha okha galimoto ikuyenda. Alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi valavu yamagetsi imene imatsegula kapena kuchepetsa njira ya oilo, ngati PASM ya Porsche ndi ma shock a Adaptive a BMW. Ena ali ndi madzi okhala ndi tizitsulo tating'onoting'ono, ndipo maginito amagetsi akayaka madziwo amalimba nthawi yomweyo. Njira yachiwiriyi inayamba pa Cadillac Seville STS mu 2002, ndipo ndi imene ili pa Corvette ndi Ford Mustang m'dzina la Magnetic Ride kapena MagneRide. Kwa munthu wa msana ngati wanu, ma shock osintha okha si chinthu chongokometsera. Musagule yopanda amenewa. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi: batani la Comfort limafewetsa ma shock okha, silisintha masipuling'i. Ngati galimoto inabwera ndi miyendo (ma shock ndi masipuling'i) ya Sport yotsitsidwa ndi mamilimita 10 kapena 20, masipuling'i ake ndi aafupi ndi olimba, ndipo palibe batani limene lingabweze zimenezo. Ngati mwini wake woyamba anaikamo masipuling'i ogula padera kuti igwade, ipitirireni. Ma shock ake amakhala akugwira ntchito pamalo amene sanapangidwire, ndipo amatha msanga.

Giyabokosi ndiyo imaoneka khalidwe lake mumdipiti. Ya manual ndi yokoma pamsewu wopanda anthu, koma kuponda kilatchi yolemera kambirimbiri m'mawa uliwonse kumakoka chiuno ndi msana wakumunsi. Pa zodzisintha zokha pali mitundu iwiri imene ogulitsa amangoitchula dzina limodzi. Ya makilatchi awiri, monga PDK ya Porsche kapena ya Tremec ya mu Corvette, imasintha giya mofulumira kwambiri. Vuto lake lili pokwawa: mukamayenda pang'onopang'ono phazi lili theka pabuleki, kilatchi imakhala ikutsetsereka, imatentha, ndipo nthawi zina galimoto imanjanja ponyamuka. Njira yake ndi kusiya mpata kutsogolo, n'kunyamuka kamodzi kilatchi igwire yonse, osati kumangosendera mita imodzi imodzi. Mtundu wina ndi wa torque converter, umene umalumikiza injini ndi magiya kudzera mu oilo. Wotchuka ndi ZF 8HP wa magiya 8, umene uli mu Supra ndi mu M2 ya 2023. Pokwawa ndi wosalala, ndipo mukathamanga kusiyana kwake ndi PDK n'kochepa moti pamsewu wamba simungakuone. Mwa za makilatchi awiri, PDK ndi imene timaidalira kwambiri mumdipiti.

Za mahampu ndi zachidule. Yezani. Tengani tepi muone mpata wa pansi pa bampala, ndipo muone utali wa mphuno kuchokera pagudumu, chifukwa mphuno yaitali imakhula ngakhale galimoto isali yotsika kwambiri. 911 ndi Corvette zimatha kubwera ndi makina okweza kutsogolo ndi mamilimita pafupifupi 40, ndipo a Corvette amakumbukira malo kudzera pa GPS n'kumadzikweza okha mukafikapo. Makinawa ndi oonjezera, si galimoto iliyonse ili nawo, ndiye funsani. Hampu yaitali kapena khomo lotsetsereka muzilowa chopingasa, gudumu limodzi liyambe kukwera.

Mpando musauweruze m'mphindi zisanu. Mipando ya mpikisano yopangidwa ndi carbon, yosapindika kumsana, imagwira thupi bwino pokhota koma singasinthidwe kuti ikukwaneni. Funani mpando umene uli ndi chochirikiza msana wakumunsi choyenda mbali zinayi, umene kutsogolo kwake kumakwera kuti ntchafu zitsamire, ndiponso chiwongolero chimene chimabwera kwa inu. Mukakhala bwino, mapewa ali pampando, dzanja likatambasuka mfundo yake izifika pamwamba pa chiwongolero, ndipo bondo likhale lopindikabe mutaponda buleki mpaka pansi. Kenako tulukani ndi kulowa kasanu motsatizana, chitseko chili chotsegula theka ngati mmene zimakhalira poimika pothinana. Anthu ambiri a msana amagonja pamenepa, osati poyendetsa.

Phokoso limatopetsa mwakachetechete. Kulira kwa injini mukaponda ndi kumene mukulipirira, koma kung'ung'udza kwa ekizozi pakati pa 1,800 ndi 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), pamene galimoto imakhala nthawi yaitali paulendo, kumabweretsa mutu. Ekizozi yokhala ndi valavu yotseka imathetsa zimenezi. Yoikidwa ndi mwini wake kawirikawiri imazikulitsa.

Tsopano magalimoto anu aja. Pa anayiwa, imene tingaike patsogolo ndi 911 Carrera wamba, osati S kapena GTS, ya m'badwo wa 991.2 umene unatuluka kumapeto kwa 2015. Ili ndi injini ya malita 3.0 ya turbo yotulutsa mphamvu ya 370 hp, PASM imabwera pa iliyonse, ndipo marimu ake oyambira ndi a mainchesi 19. Mumaona bwino mbali zonse, zimene n'zosowa pa magalimoto otere. Buti yakutsogolo ndi yaing'ono koma yakuya, ndipo timipando takumbuyo timanyamula zikwama kapena mwana wamng'ono. Chofooka chake ndi mkokomo wa matayala akumbuyo pa tala wokhakhala. Ngati ndalama zikukukokerani ku zakale, dziwani izi: injini za Carrera za mibadwo ya 996 ndi 997 yoyamba, mpaka 2008, zili ndi beringi ya m'kati yotchedwa IMS imene ikaphwanyika imatha kuononga injini yonse, ndipo zina zimakandika m'kati mwa masilinda. Kuyambira 997.2 ya 2009 injini inasinthidwa ndipo beringi imeneyi kulibe.

GR Supra ya malita 3.0, imene inabwera mu 2019, ndiyo yosavuta kusamala. Injini yake ndi B58 ya BMW, ya masilinda 6, imene yadziwika kuti ndi yolimba, ndipo galimotoyo inapangidwira ku Graz m'dziko la Austria pamodzi ndi BMW Z4. Miyendo yake ndi yofewa bwino pa Normal, buti ndi ya malita 290. Koma denga lake ndi lotsika, polowa mumayenera kuweramitsa mutu ndi kupinda msana nthawi imodzi, mawindo ndi aang'ono, ndipo mukatsegula mawindo paliwiro mphepo imagunda m'makutu. Mayeso olowa kasanu aja ndi amene agamule.

M2 ndi imene imanyamula zambiri: mipando inayi yeniyeni ndi buti ya malita 390, ndipo mumakhala pamwamba pang'ono, zimene msana umayamikira. Koma M2 yoyamba ya 2016 ndi M2 Competition ya 2018 zilibe ma shock osintha okha, ndipo pamsewu wazigamba zimadumphadumpha. Ya m'badwo watsopano wa 2023 ili nawo. Tikadakhala inu tikadayesanso M240i, imene ili ndi B58 yomwe ija ndi miyendo yofewerapo. Ambiri amaiderera chifukwa si M yathunthu, koma pa makilomita 40 anu a tsiku ndi tsiku ndi imene ingakusungeni bwino.

Corvette C8 ya 2020, ya injini ya V8 ya malita 6.2 imene ili kumbuyo kwa mipando, imadabwitsa ndi kufewa kwake ikakhala ndi Magnetic Ride. Chovuta ndi thupi lake: mulifupi ndi mamita oposa 1.9, kumbuyo simuona bwino popanda kamera, ndipo zitseko ndi zazitali. Pamsewu wautali ndi yabwino kwambiri, m'malo oimika othinana ndi ntchito. Imodzi imene simunaitchule koma ndi yoyenera kuiyesa ndi Lexus LC 500, ya V8 ya malita 5.0 yopanda turbo. Ndi yolemera, pafupifupi matani awiri, ndiye pokhota siipepuka ngati 911, koma mipando ndi bata la m'kati mwake zimaposa zonse tatchulazi.

Pali zinanso ziwiri zimene mungazipewe. Mabuleki a carbon ceramic satulutsa fumbi lambiri ndipo safooka msanga akatentha, koma amalira akazizira, kamwala kakalowa kamatha kubenthula disiki, ndipo kusintha kwake n'kodula kwambiri. Achitsulo akukwanirani. Madzi a mabuleki muzisintha zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyezi. Chachiwiri ndi maulendo afupiafupi. Injini ikamazimitsidwa isanatenthe, petulo ndi chinyezi zimatsalira mu oilo n'kumusungunula. Musaponde kwambiri oilo asanafike madigiri 80, ndipo yang'anani geji ya oilo, osati ya madzi, chifukwa madzi amatentha msanga. Poti theka la ulendo wanu ndi mumdipiti, sinthani oilo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 kapena chaka chilichonse, ngakhale kompyuta ya galimoto ikunena kuti nthawi ikadalipo. Thirani petulo wa octane imene yalembedwa pachitsekero cha thanki.

Poyesa galimoto, pemphani ola lathunthu ndipo muyende msewu wanu womwewo, nthawi imene mumayendera. Wailesi izime. Siyani zonse pa Normal kapena Comfort. Dutsani hampu imene mumaidziwa, imikani pamalo othina, bwererani chambuyo pokwera. Fikani m'mawa injini isanalizidwe, mumve ngati ikugogoda kapena kutulutsa utsi poyamba. Ikakukomerani, ipititseni kwa makaniko wodziwa mtundu umenewo, amene si wa wogulitsayo. Aikweze aone ngati ma shock akudontha, ayeze marimu ngati anapindika m'kati, ndipo awerenge manambala anayi omaliza a DOT pa tayala lililonse: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2019, ndipo lopitirira zaka 6 limakhala litauma ngakhale mizere ilipo. Ngati ndi Porsche, auzeni atulutse mu kompyuta ya injini lipoti la over-rev, limene limasonyeza ngati injini inazungulitsidwapo kupitirira malire ake, ndipo pa 996 kapena 997 yoyamba alowetse kamera m'masilinda musanapereke ndalama iliyonse.