Kodi kompyuta ingauze boma mogonjetsera zigawenga?

Achimwene a ku Mangochi, imelo yanu ndaiona. Mukuti zigawenga za ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, zinayamba kuwombera ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, asilikali a Rwanda ndi a SADC anafika mu 2021, koma mfuti zikulirabe. Ndiye mukufunsa kuti, bwanji boma osayesa kaye njira zake pa kompyuta lisanatumize ana a eni kukafa?

Zoyesa choncho zilipo ndithu. Mu 2002 katswiri wofufuza Joshua Epstein wa ku America anapanga pulogalamu yotere. Pa sikirini pamaoneka timadontho tambirimbiri, tina anthu wamba, tina apolisi. Kadontho kalikonse kali ndi mavuto ake ndi mantha ake, ndipo mkwiyo wake umakula pamene anthu asiya kuona boma ngati loyenera kuwalamulira. Kamayang'ana uku ndi uku, kuwerenga apolisi ndi owukira omwe ali pafupi. Mkwiyo ukaposa mantha, kamawukira. Wapolisi akakapeza, kundende.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti, mukamatsitsa chikhulupiriro cha anthu pa boma pang'onopang'ono, bata limakhalapobe, poti apolisi amangotola mmodzimmodzi aliyense wotulutsa mutu. Koma mukachigwetsa mwadzidzidzi, ambiri amawukira tsiku limodzi, apolisi n'kuchepa. Timadonthoto timachenjeranso: wapolisi akayandikira timakhala phee, akadutsa tayambiranso. Aliyense amene anaonapo mavenda akubisa katundu apolisi akamabwera sangadabwe nazo.

Ndiye pophunzitsa akuluakulu kuganiza, chida chimenechi n'chabwino. Mantha anga ali pa manambala omwe amaidyetsa kompyutayo. Pa nkhondo ya ku Vietnam, kuyambira 1967, America inali ndi ndondomeko yotchedwa Hamlet Evaluation System. Mwezi uliwonse alangizi ankapatsa mudzi uliwonse malikisi, kuyambira A mpaka E, n'kuwalowetsa mu kompyuta. Mapepala ankati anthu ambiri ali m'manja mwa boma. Mu Januwale 1968 kunabwera nkhondo ya Tet, adani n'kuwombera mizinda yambiri nthawi imodzi, ndi Saigon yemwe, likulu la South Vietnam. Wolemba malikisiwo ankafunanso kuti abwana ake amuyamikire, nanga n'kutani.

Tsono taganizani za msodzi wa ku Palma, tawuni ya ku Cabo Delgado komweko yomwe zigawenga zinalowa mu Malichi 2021. Masana kwabwera msilikali ndi fomu, mfuti ili paphewa, kumufunsa ngati amakhulupirira boma. Usiku kubwera enawo. Ine ndikanakhala msodziyo, onsewo ndikanawayankha kuti eya.